Gogoda za Citlali

Tsiku la phwando lake la zaka khumi ndi zisanu, Citlali anavala diresi lofika pansi, ndipo chimene analikondera si maluwa ake ayi, koma kuti linabisa mwendo. Pamwamba pa kakolo panali potupa, pakuda bii. Braulio anamumenya theche Lachitatu, ati chifukwa anaseka nthabwala ya mnyamata wina pophunzira gule wa phwandolo.

Braulio ameneyu anali chibwenzi chake, komanso ndiye anasankhidwa kutsogolera anyamata ovina naye. Mwana wa pakamwa pozuna, wonyamulira amayi a Citlali dengu kumsika. Amayi a mumsewu wawo m'tauni ya Atlixco ankati mtsikanayu watola chikwama. Chikomekome cha mkuyu! Sankadziwa kuti foni ya Citlali imafufuzidwa tsiku ndi tsiku, ndipo kuti mtsikanayo anasiya kucheza ndi anzake chifukwa cha mantha.

Misa inatha masana, anthu anadya nkhuku ndi matamale, timitanda ta ufa wa chimanga tophikidwa m'makoko, mpaka kumasula malamba. Braulio anawerama ngati akumukonzera Citlali duwa la kumutu.

"Lero maso ako akhale pa ine," ananong'oneza. "Ukayamba zako zija, tikaonana kuseri."

Citlali anali atakonza zonse, koma anaiwala chinthu chimodzi: mwambo wa nsapato. Amalume ake Fermín, maikolofoni kumanja, anaitanitsa mpando pakati pa holo n'kumukhazikapo. Kenako anabwera bambo ake, Don Evaristo wophika buledi, atanyamula gogoda zoyera pakapilo, kuti amuvule nsapato zachitsikana n'kumuveka zachikulu.

Bambowo anagwada, nakweza diresi pang'ono. Anamuveka nsapato yoyamba. Atagwira mwendo wachiwiri, anaima.

"Mwana wanga, ichi n'chiyani?"

Bodza linali kale pamlomo: ndinagwa pamasitepe. Koma anaona manja a bambo ake, odzaza zipsera za uvuni, ali pakakolo pake. Anadzutsa maso, naona Braulio akupukusa mutu pang'onopang'ono, kumuchenjeza. Mantha aja anasanduka mkwiyo.

"Amalume, tandibwerekani chimenecho."

A Fermín anapereka, akuyesa kuti mwanayo akufuna kuthokoza alendo.

"Apa anandimenya theche ndi Braulio," anatero Citlali, mawu ake akumveka mpaka kukhitchini. "Si koyamba. Lero sindivina naye, ndipo chibwenzi chatha."

Anthu onse muholo anatembenukira kwa Braulio.

"Aaa, timangosewera ife!" anatero Braulio, akuseka chamumphuno. "Mtsikanayu amakokomeza zinthu."

"Kusewera?" anakuwa Nayeli, mnzake wa Citlali uja Braulio anamuletsa kucheza naye. "Ndiwe bulu kodi, kuti uzisewera ndi mateche?"

Atsikana onse ovina anasuntha n'kuima kumbuyo kwa mpando. Braulio anayang'ana anyamata anzake kuti amuthandize, koma onse anali otanganidwa kuyang'ana pansi.

Don Evaristo anadzuka atakunga zibakera. Munthu wofatsa akapsa mtima amaopsa, ndipo aliyense anaona kuti phwando lithera kupolisi. Citlali anawagwira jekete.

"Ababa, nsapato inayo. Mundisiya ndi phazi limodzi?"

Bambowo anaima, chifuwa chikukwera n'kutsika. Kenako anagwadanso. Anamuveka nsapatoyo mosamala, osakhudza potupapo, misozi ikudonthera pakapilo. Pamene ankamanga lamba, Braulio anali atafika kale pakhomo, amayi ake omwe akumukankha kumsana.

Oimba anayamba nyimbo. Citlali anaimirira, gogodazo zikumugwedeza ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, ndipo mwendo unkapweteka ndithu. Koma mtima unali mbee.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa bambo ake akuzungulira naye.

"Ndimaopa, Ababa."

"Nanga tsopano?"

Citlali anayang'ana holo yonse, nkhope ndi nkhope, anyamata omwe, popanda womuletsa.

"Tsopano ndikungoopa kugwa," anatero. "Ndigwireni bwino."