Manja Anga Anapita Okha ku Phalula

Ndinalota ndikusita malaya a abwana, oyera aja a kolala yovuta, m'kachipinda kochapira kuseri kwa nyumba ya adona ku Joni kuno. Anali masana. Mwana wa adona anali atagona, nyumba yonse ili zii monga mmene adona amafunira. Ndinali nditamaliza kumsana ndi mkono umodzi pamene a Saizi anatuluka m'makina ochapira atavala jekete yawo yachikopa. Anayamba apukuta nsapato pachiguduli, poti amadziwa kuti wokolopa pansipo ndine.

A Saizi ndi thiransipota. Amanyamula katundu wa ife a ku Malawi kupita naye kumudzi: mafuta ophikira, mabulangete, mafiriji, nthawi zina maliro. Amanyamulanso mapasipoti. Kuno tinalowa ngati alendo, ndipo mlendo amamupatsa mwezi umodzi. Mweziwo usanathe uyenera kukatuluka pa boda n'kulowanso kuti akudindire masiku ena. Poyamba ndinkapita ndekha. Kukwera basi, kuwoloka mlatho, kugula nthochi tsidya linalo, kutembenuka, kubwerera, kwathu osafikako. Kenako adona anatopa nako kundipatsa tchuthi, miyendo yanganso inatopa. Ndiye ndinayamba kuchita zimene anzanga amachita, kupereka pasipoti kwa a Saizi kuti ikadindidwe yokha. Mukaitsegula muona mayi woyenda kwambiri. Koma mwini wakene, mwana wanga Mwandida ndinamusiya mano akutsogolo atangoguluka kumene.

"Mayi a Mwandida," anatero a Saizi, "pasipoti yanu yakana kubwera."

"Mwataya?"

"Ine sinditaya katundu. Yatsika yokha pa Phalula. Yati ikhala kaye, pakhomo pali ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Mwana wanu wakula. Ali m'nyumba ndi anamkungwi, akutuluka lero."

Ndinaimika simbi bwinobwino ndi kuzimitsa magetsi, chifukwa malaya akapsa palibe amene angamve zoti mwana wako wakula. Kenako ndinafunsa funso. Sindinafunse ngati mwanayo ali bwino. Ndinati, "Ndiye ibwera liti? Masiku anga atsala pang'ono."

A Saizi anayang'ana nsapato zawo. "Mukaifunse nokha," anatero, n'kutsegula kabati yomwe ndimasungamo matawelo.

M'kabatimo munali mlatho wa pa boda, mtsinje ukuyenda pansi pake. Ndinalowa ndi epuloni yanga yomweyo. Mzere unali wautali monga wa masiku onse, dzuwa likuwotcha pamutu, koma pamzerepo panalibe munthu. Anali mapasipoti okhaokha, ataima chilili, iliyonse ndi kathumba kake. Ina inkadzikupiza ndi masamba ake omwe. Ya mnzanga Nasibeko, amene timagona naye chipinda chimodzi, inandizindikira.

"Amake Mwandida, kodi muli moyo? Ife timayesa ndinu chithunzi chabe."

"Sendera," ndinaiuza. "Ndasiya malaya."

Inasendera. Onse anasendera, poti munthu wathupi pamzerepo anali asanamuone kwa nthawi yaitali, ndipo ena anandiwombera m'masamba mwaulemu mpaka ndinafika pawindo.

Pawindopo panakhala achemwali anga a Felesiya. Iwowa ndi amene anandilerera Mwandida kufikira pamene anamwalira. Kumaliro kwawo sindinapite. Ndinatumiza shuga ndi nsalu kudzera kwa a Saizi. Anali atavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi imene anawaika nayo m'manda, pamwamba pake yunifolomu ya anthu a pa boda, ndipo m'dzanja munali chidindo chachikulu ngati musi wodula pakati. Sanakalambe. Sananenepenso.

"Dzina," anatero osadzutsa mutu.

"Achemwali, ndine Enelesi."

"Enelesi analowa kale. Amalowa mwezi ndi mwezi, sajomba. Ngakhale pamaliro anga analipo, m'thumba la jekete ya a Saizi. Sanalire, koma analipo. Cholinga cha ulendo?"

"Kukaona mwana."

"Mwana mwamusiya ali mtulo uja?"

"Uja ndi wa adona."

"Oho," anatero, n'kulemba kanthu. "Ndimayesa ndi wanu. Mumamudziwa mpaka chifuwa chake."

Munthu wakufa sulimbana naye, makamaka ngati ali ndi chidindo. Iwo anapukuta galasi la kumbuyo kwawo ndi nsonga ya bulauzi, ndipo m'galasimo munaoneka bwalo la kwathu ku Phalula: nyumba yamalata imene ndinamanga ndisanaionepo ndi maso, mlambe, mbuzi za alamu. Amayi a m'mudzi anali atakhala pamikeka. Pakhonde, pampando wa alendo, atamutsamiritsa kundowa kuti asagwe, panali mayi wa pachithunzi cha m'pasipoti yanga.

Anali ine wakale, wamasaya, tsitsi lowotcha, makutu ali poyera monga anafunira wojambula. Anathera m'mapewa, poti chithunzi chimathera pomwepo. Pakamwa anali atatseka. Tsiku lojambulitsa lija anandiuza kuti musaseke mayi, tsekani pakamwa, ndipo iye anali akumverabe mpaka lero. Aliyense wofika ankayamba wagwada kwa iye, kumupatsa moni kuti amake Mwandida mwadzuka bwanji, iye n'kumangoyang'ana kutsogolo.

"Ndi mayi wabwino," anatero achemwali. "Potsekera sukulu amakhalapo. Mwana atadwala malungo anagona naye kuchipatala. Sakalipa, sadya zambiri. Vuto lake ndi lalero lokha."

Chitseko cha nyumba chinatseguka, Mwandida n'kuima pakhomo. Anali atametedwa, wamtali kundiposa, ataima mopendeketsa khosi ngati achemwali. Mano onse analimo, aakulu, a munthu amene sindimudziwa. Anali atapanira kansalu kakale m'khwapa. Anamkungwi anatambasula chitenje chatsopano, chobiriwira, chimene ndinatumiza kalekale ndili ndi maganizo oti tsikuli ndidzakhala nditabwerera. Kwathu namwali saponda pabwalo amake asanamumange chitenje ndi kuyambitsa nthungululu. Amake akayamba, ena onse amalandira. Anamkungwi anagwada pamaso pa chithunzi chija n'kuchilozetsa nsaluyo ndi manja awiri.

Chithunzi chinayang'ana chitenje. Manja chinalibe. Amayi onse anagwetsa nkhope, wina n'kuyamba kutola timiyala pamkeka. Mwandida anangoima, chala cha phazi chili pamphepete pa khomo.

"Akhala chiimire mpaka liti?" ndinafunsa.

"Mpaka amake."

"Ndiye ndilowe."

"Lowa," anatero achemwali, ndipo apa anasiya kundilankhula ngati mlendo. "Njira ndi iyi, palibe wakutsekera. Koma ulibe pasipoti, Enelesi. Wopanda pasipoti timamudinda pamphumi, chofiira. Ukalowa nacho, za ku Joni uiwale mpaka mwana wa adona uja adzamere ndevu."

Anaviika chidindo mu inki n'kuchikweza. Pansi panali mzere wachikasu. Ndinaika phazi limodzi pamzerewo ndipo ndinamva dothi la kwathu kutentha kudzera m'silipasi. Ndinaganiza za sekondale imene Mwandida akuyembekezera, za chimanga cha chaka chimene mvula idzakane, za alamu amene anatsala ndi Mwandida, amene amasunga mwana wa mnzawo bwino pokhapokha thumba la a Saizi likufika. Ndinaganizanso, ndisaname, za malaya aja, kuti mkono wina sunasitidwe ndipo abwana akuwafuna mawa. Inki inadontha kuchoka pachidindo n'kugwera pa epuloni. Ndinabweza phazi.

"Kodi katundu mumadinda?" ndinafunsa.

"Katundu amangodutsa."

"Nanga manja ndi katundu?"

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali, monga ankandiyang'anira ndili mwana ndikabwera kumadzi ndowa ili pakati. "Ukawapakira," anatero, "ndi katundu."

A Saizi anali atafika kale ndi thumba lamizeremizere. Manja anaguluka m'mapewa mosavuta, opanda magazi, ngati a chidole cha mwana wa adona. Anawapinda m'zigongono, kuwakulunga ndi tepi, n'kulemba pathumba ndi cholembera chachikulu kuti Mwandida, Phalula.

"Musawaike pansi pa mafuta," ndinawauza. "Lamanjalo lili ndi bala la simbi. Ndipo abwere lero lomwe, adona asanaweruke."

"Pakamwa?" anafunsa achemwali. "Nthungululu ayambitse ndani? M'thumbamo malo alipo."

"Ndikatumiza pakamwa, adona akaitana ayankha ndani?"

Mapasipoti a kumbuyo kwanga anasiya kudzikupiza. Ya Nasibeko inatsokomola n'kuyang'ana kumtsinje.

M'galasi muja ndinaona a Saizi akumasula thumba pabwalo. Manja anga anatuluka, kudzitambasula, n'kuyamba ayang'ana ngati pamkeka pali fumbi. Kenako anatenga chitenje kwa anamkungwi, kuchikung'untha, n'kupita nacho pakhomo. Pofika pamenepo anatsika. Anapita pamsinkhu umene ankaudziwa, wa mwana wa mano oguluka, ndipo anayamba kukulunga chitenjecho mumphepo, chakumawondo a Mwandida. Nsalu inagwa. Anaitola, kuikung'untha, kukulunganso pomwepo. Inagwanso. Amayi onse ankaona. Mtsikana wina anaseka, amake n'kumutsina.

Mwandida anayang'ana manjawo akufufuza m'munsi mopanda kanthu. Kenako anagwada pansi, n'kuwerama pang'ono, kudzichepetsa mpaka anakwana pamene iwo ankafuna. Manja anamupeza. Anamugwira kumutu kometedwa kuja, m'makutu, m'mapewa, akuchita ngati akufunsa kuti kodi ndiwe. Atatero anamumanga chitenje m'chifuwa, mfundo yolimba, yanga yeniyeni, yosamasuka ngakhale uthamange.

Onse anatembenukira kwa chithunzi kudikira nthungululu. Chithunzi chinali chitatseka pakamwa. Mbuzi inalira kuseri, basi.

Mwandida ali chigwadire anatenga chithunzicho, kuchipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje chatsopano, kuchibwezera m'pasipoti, n'kuika pasipotiyo m'dzanja langa lamanja, pambali pa bala.

"Zikomo kwambiri, mwayenda ulendo wautali," anawauza manjawo. "Tengani iyi, masiku angawathere. Mukapereke moni kwa eni ake."

Achemwali anapumira mpweya pagalasi ndipo bwalo linazimirira. Anatsegula pasipoti, imene tsopano inali patebulo pawo, n'kuidinda bwinobwino pamalo oyera. Mwezi wina wathunthu.

"Achemwali," ndinatero, "za maliro anu zija..."

"Shuga anafika," anatero. "Anthu anamwa tiyi. Wotsatira."

Ndinatuluka m'kabati chambuyo, matawelo akundikhudza kumaso, ndilibe chowakankhira. A Saizi anandipeza ndili chiimire pafupi ndi tebulo lositira. Anadula tepi ndi kiyi wa galimoto, n'kundibwezera manja limodzilimodzi. Manjawo ankanunkha utsi wa nkhuni ndi nsalu yatsopano. Pasipoti a Saizi anailowetsa m'thumba la epuloni.

"Katundu wanu wakwana, muonetsetse," anatero. "Ine sindifuna milandu."

"Watuluka?"

"Chitenje wavala, chamukhala bwino. Koma akadali pakhomo. Anamkungwi ati sangaponde pabwalo asanamve mawu a amake. Amayi aja sanabalalike, akudikira." Anaika mwendo umodzi m'makina ochapira. "Mphepo ikuwombera chakumpoto lero. Mukakweza mawu afika."

Anadzitsekera m'makinamo, ine n'kutsala ndekha. Ndinapuma mpweya wambiri. Nthungululu ndimaitha, paukwati wa achemwali anthu a tsidya la msewu anaimva. Lilime linakwera lokha, lokonzeka. Koma kuseri kwa khoma la kachipinda kochapirako ndi kumene kuli kabedi ka mwana wa adona, ndipo mwana uja akadzidzimuka masana salekeza kulira mpaka amake abwere, ndiye amake amafunsa kuti chachitika n'chiyani, Enelesi, ndipo pageti pamabwera atsikana tsiku ndi tsiku kudzafunsa ntchito.

Ndinatenga malaya a abwana, kuwapinda, kuwatsekera pakamwa ndi manja onse awiri, n'kuimba nthungululu m'nsalumo. Ndinaimba yaitali, mpaka m'khosi munawawa. Mawu onse analowa m'malaya. Nditachotsa, pakolala panali ponyowa, pali makwinya ozungulira ngati pakamwa potsegula.

Ndinamvetsera. Mwana wa adona sanadzuke. Ndinatsegula kabati kuti ndione ngati ku Phalula alandira, koma munali matawelo okha, opindidwa mmene ndimapindira ine.

Simbi inali itazizira. Ndinaiyatsanso, kuyala kolala patebulo, n'kudikira kuti itenthe. Ndinayambira ponyowa paja. Simbi ikadutsa pankasalala, ndikainyamula makwinya ankabwerera momwemo. Ndinawaza madzi, kukanikiza ndi mphamvu, kunyamula. Anabwerera. Pamene ndinadzukira sindikupadziwa, chifukwa tebulo ndi lomweli, malaya ndi omwewa, ndipo galimoto ya adona yayamba kumveka pageti ine ndikadali pakolala. Mkono wina uja sindinaufike.