Khosi la Atelala

Chikwatiwireni ndi woimba gitala amene bambo ake ankamukana, mwana wamkazi wa atelala ankakhulupirira kuti anatayidwa. Umboni anali nawo. Kawiri konse anawaitana pamsewu ali chakumbali, khanda lili kumsana, iwo osacheuka n'komwe. Iye ankachokapo msangamsanga misozi isanagwe.

Tsiku lina anapita kushopu kwawo kuti akamve chimodzi. Ngati salinso mwana wawo, amuuze pamaso.

Anawapeza ali pamakina, akulimbana ndi ulusi wokana kulowa pasingano. Mayi ake ankasita malaya pakona. Anaima pakhomo, chakumanzere kwa bambo akewo, n'kupereka moni. Anamuyankha maso ali kukhoma.

"Mwaonatu, amayi. Ndi zomwe ndimanena zija."

"Tadikira," anatero mayi ake.

Atelala anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kusuntha phazi limodzi, kenako linalo, mpaka thupi lonse linatembenuka pamodzi ndi mpando ngati chitseko cholemera.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwauza kuti ndi ouma khosi," anatero mayiwo akutembenuza malaya. "Tsopano adokotala andivomereza, ndi chithunzi chomwe."

"Mayi akowa akondwa ngati awina mlandu," anatero atelala. Kenako anafotokoza modekha kuti mnyewa womanga mafupa a khosi, umene uyenera kukhala wofewa ngati lamba, ukusanduka fupa. Fupalo likupanikiza mitsempha, n'chifukwa chake zala zawo zimachita dzanzi. Za opaleshoni adokotala anati ayambe aona kaye.

"Nanga pamsewu paja?"

"Ndinakumva. Pomwe ndimamaliza kutembenuka, ndinangoona msana wako ukukhota pagolosale."

"Bwanji osandiuza kuti mukudwala?"

"Iwe unabwera?"

Mtsikanayo anatola singano ija, n'kulowetsa ulusi, n'kuwapatsira m'manja.

"Ndiye kuti simunakwiye, bambo?"

"Kukwiya ndinakwiya. Gitala si ntchito, ndipo ndidzamuuza mwini wakeyo akadzalimba mtima n'kubwera. Koma mkwiyo unaphwa kalekale. Latsala ndi khosili."

Mtsikanayo anakoka kampando n'kukhala patsogolo pawo penipeni, maondo kugundana ndi awo, n'kutsitsa khanda kumsana.

"Mukwezeko pang'ono, kuwerama sindingathe," anatero atelala. "Ndione ngati mphunoyi ndi yakwathu kapena yakwawo."