Malalanje a Njere za Mpiru

Tionge ankafuna nsapato ya mwana pansi pa bedi, koma chimene anakoka ndi katoni ya mwamuna wake, Manfred. Anaitsegula.

Munali kanyumba ka malata kosaposa njerwa, ka khonde lalitali. Pakhondepo panali tianthu tonga nyemba, tina titasenza timabokosi, tina titawerama. Timabokosito tinali todzaza ndi njere za mpiru zopaka utoto wa lalanje. Mpiru womwe uja bamboyo anagula pamsika wa Moore Street, kudziko la azungu kuno, ati wodzala pawindo!

Munthu wokulira ku Neno ngati Tionge sachita kumuuza dzina la tianthu togwirira mwamuna ntchito mobisa. Ndondocha basi. Zonse zinayamba kulumikizana m'mutu mwake. Loweruka lililonse Manfred amakwera sitima ya ku Skerries, ati ku kalabu, n'kubwerako zala zikununkha guluu. Kuntchito yosamalira okalamba am'kweza mosayembekezeka. Ndipo mayi ake anamwalira mwadzidzidzi chaka chatha, iye osapita kumaliro.

Kenako anaona china. Pakhomo pa kanyumbako panaima kamayi ka chitenje chobiriwira, dengu pamutu, phewa limodzi lotsika. Apongozi ake enieni, mpaka kaimidwe.

Anaganiza zotuma mchimwene wake kuti akamuzonde, koma kandimverere anakanena za m'maluwa. Loweruka litafika anasiya mwana wawo, Yamiko, kwa aneba, n'kukwera bogi ina ya sitima yomweyo. Mumtima anali atamanga kale mfundo: zikakhala zoona, atenga mwana, banja lithere pomwepo.

Ku Skerries Manfred analowa m'holo ina kufupi ndi doko. Tionge anadikira pang'ono, n'kukankha chitseko. Sing'anga munalibemo. Munali azungu okalamba atazungulira thebulo lalikulu la timapiri, timitengo ndi njanji, kasitima kakuyenda kokha. Mmodzi, dzina lake George, anamulandira mwansangala n'kuyamba kufotokoza kuti iyi ndi California yakale, nthawi imene malalanje ankalongedzedwa m'mashedi a m'mbali mwa njanji, ndipo shedi yokongola kuposa zonse wamanga ndi Manfred. Tionge sanamwetulire. Azungu angadziwe chiyani za kukhwima?

"Mayi a Yamiko, mwadzatani kuno?" anafunsa Manfred, kanyumba kali m'manja.

"Wofunsa ndine. Amayi anu akutani m'katonimo? Mwawatsekera kuti azikugwirirani shift?"

Ankayembekezera kuti mwamunayo aseka kapena akalipa. Iye anangoika kanyumbako m'mbali mwa njanji, pang'onopang'ono.

"Inunso?" anatero motsitsa mawu. "Kumudzi akuti ndinawakhwimira, ndikudziwa. Ndimati inu nokha simungaganize zimenezo."

Manfred analoza kanyumbako n'kupitiriza.

"A George anandipatsa zithunzi za packing house, shedi yolongedzeramo malalanje ya makedzana, kuti nditengere. Koma ndikamamata malatawa ndimangoona amayi pa Mwanza, manachesi akuwolera m'dengu, dzuwa likuswa mtengo. Moyo wawo wonse ankalakalaka mthunzi wogulitsirapo. Ma papers okhalira m'dziko muno anandikaniza kukaponya dothi pamanda awo. Ndiye ndinati bola ndiwamangire shedi."

"Nanga kubisako?"

"Bambo wa ndevu zake, kumaseweretsa zidole? Mukanandiseka."

Kasitima kanatulukira kuseri kwa phiri n'kudzaima pakhonde penipeni, pamaso pa kamayi kaja. Manyazi anam'gwira Tionge, chisoni n'kudzaonjezera. Pepani anali pakamwa, koma anaona kuti ngwochepa. Anawerama n'kuyang'anitsitsa apongozi akewo.

"Chitenje chawo chija chinali ndi timaluwa toyera m'mphepete," anatero. "Ndinawagulira ndine. Mwaiwala."

Anatambasula dzanja. Manfred analiyang'ana mpaka kasitima kananyamukanso. Kenako anaviika kabulashi mu utoto woyera, n'kumupatsa.