Timipango ta Kuseri kwa Bafa

Mwamuna amene sanachapepo ngakhale sokosi chikwatirane akayamba kudzichapira timipango take, mkazi amayenera kudabwa. Koma mayi wa ku labu ya chipatalayu anangoseka. Ankati ukalamba wayamba kumuphunzitsa mwamuna wake khalidwe.

Ntchito ya mayiyu inali kulera tizilombo. Ankapaka makhololo a odwala m'timbale, n'kutiika m'kabati yofunda, m'mawa n'kuona chomwe chamera. Pakamwa pakenso sipankatsekeka. Pa chakudya chamadzulo mwamuna wake, wowotcherera zitsulo, ankamva zonse, afune asafune. Anamvanso za tizilombo tina tokonda mapapo ovulala kale. Tikakhala tochepa timangoti phee, thupi osadziwa kuti mwalowa alendo. Kalikonse kamatulutsa timadzi todziwitsira tinzake kuti kalipo, ndipo timadzito tikachuluka, tonse timazindikira kuti chiwerengero chakwana. Pamenepo timayambira limodzi kulavula poizoni ndi kudzikuta ndi zonanda zomwe mankhwala amavutika kuboola. Kambale kaja kamasanduka kobiriwira.

"Ndiye kuti timachita kaye msonkhano, Adokotala?" bamboyo ankafunsa akuseka. Iye mapapo ake anali ndi zipsera za TB yakale, ndipo chifuwa sichinkamuchoka. Ankati ndi utsi wa kuntchito.

Loweruka lina masana mvula inangoti wa, mayiyo n'kuthamangira kukaanula zovala. Kuseri kwa bafa anapeza chingwe chomwe sankachidziwa, chomangidwa pansipansi, chodzaza timipango. Sopo anali atayesetsa, koma pakati pa kalikonse panatsala banga lobiriwira. Ananunkhiza kamodzi. Kupyola fungo la sopo panali kafungo kotsekemera, komwe kaja kamamulonjera akatsegula kabati ya kuntchito.

Anachita mantha mpaka kuiwala zovala zina pamvula.

Mwamunayo anali pabalaza, akukonza wailesi. Mayiyo anaima pakhomo timipango tili m'manja, n'kumuyang'anitsitsa ngati wodwala wa eni ake. Anaona mapewa akukwera ndi mpweya uliwonse, kolala ya malaya italendewera, milomo itachita mdima. Zonsezi zinali pamaso pake masiku onsewa.

"Bambo a mwana, zayamba liti izi?"

Bamboyo anayang'ana timipangoto, kenako wailesi. "Ndi utsi basi."

"Utsi subiriwira."

Bamboyo anasiya wailesi ija. "Mwezi wathawu. Kaya unzake uja." Ankaima pakati pa mawu kuti akoke mpweya. "Munanena nokha kuti zikabiriwira ndiye kuti tizilomboto tagwirizana. Nanga ndikanakuuzani kuti mutani? Muzione kuntchito tsiku lonse, mudzazionenso kunyumba?"

Nkhani ya tizilomboyo mayiyo ankaikamba mokoma ndithu, koma mbali yoti munthu akafulumira madokotala amapeza pogwira, ankaisiya poti sinali yosangalatsa pa tebulo. Mwamunayo anatolapo choti aziopa ndi choti azibisa.

"Valani nsapato. Tikupita pompano."

"Mvulayi?"

"Valani."

Bamboyo sanatsutse, ndipo zimenezi zinamuopsa mayiyo kuposa banga lija. Anakhala pampando, n'kuwerama kuti amange zingwe za nsapato. Sanafike. Chifuwa chinamugwira, chakuya, chonyowa, mpaka anagwira tebulo ndi manja onse awiri. Mayiyo anagwada kuti ammangire. Mutu wake unali pafupi ndi nthiti za mwamunayo, ndipo m'katimo ankamva kuwira ngati mphika woiwalidwa pamoto.

"Adokotala," bamboyo anatero chapansipansi, osasekanso. "Tizilombo tikagwirizana choncho, timamvanso mankhwala?"

Mayiyo ankadziwa mayina a mankhwala onse amene amawayesa pa timbale tobiriwira. Ankadziwanso kuti ambiri tizilomboto timangowazungulira n'kupitiriza kumera. Anamaliza kumanga nsapato yoyamba.

"Bweretsani phazi linalo," anatero.