Ba Katongo Achedwa M'chimbudzi

Mzere unali utafika kale pampopi, koma chitseko cha malata chinali chitsekere. Pa puloti ya Amake Towela ku Kanyama chimbudzi n'chimodzi, alendi ndiye mbwee.

Amake Towela anamenya chitseko ndi tsache.

"Ba Katongo! Nyani wa dzulo wakana kutuluka?"

"Imwe bakudya mbewa, nisiyeni!" anayankha a m'katimo.

Anthu anaseka. Ba Katongo ndi Mbemba, Amake Towela ndi akum'mawa, ndipo mitundu iwiriyi ndi pachimbuya, chibale cha nthabwala: amanyozana za kudya nyani ndi mbewa popanda mlandu. Koma Amake Towela sanaseke. Khutu lawo linamva zimene ena sanamve: timadontho, kenako zii, kenako kubuula. Malemu amuna awo, Silas, anayambanso chomwecho. Mayiwo anachita manyazi kuwafunsa, mpaka khansa ya pulositeti inalowa m'mafupa.

Ba Katongo atatuluka, mayiwo anawakokera kuseri kwa nyumba.

"Mkodzo suyenda. Nanama?"

Bamboyo anayang'ana pansi. "Ni nyeleti ija ya katemera wa korona. Bonse ku nsolo bakamba. Kuchipatala sinipondako futi."

"Nyeleti! Silas anathawa katemera monga kawalala wothawa apolisi, anabisala mu matumba ya malasha. Ali kuti lero? Manda munakumba ndimwe."

"Benangu bakuti ni kachilombo ka korona kamabweretsa."

"Kaya ni kachilombo, kaya ni ukalamba, anesi ananiuza kuti madokotala bakali kufufuza. Lomba imwe ba nsolo mwatsiriza kale? Mbewa ya manyazi inafera kudzenje."

"Va mbewa ndimwe mudziwa."

Mawu a Amake Towela sanafewe.

"Pa maliro ya Silas munanithira ufa wa chimbuya mutu wonse, mpaka ninaseka nili na misozi. Sininaiwale. Koma ufa wanga ni wakudya bana. Sinizautaya pamutu pa bakazi banu pa maliro yanu. Mwamva, nyani imwe?"

Ba Katongo analowa m'nyumba. Anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, nsapato zili zopukutapukuta.

Ali pa siteshoni ya minibasi ndi Amake Towela, Ba Katongo anang'ung'udza: "Bakafunsa, mukambe kuti ndimwe mlongo wanga."

"Ine? Mchira nili nawo?"

Kondakitala anawaitana kuti akhale kutsogolo, malo abwino. Amake Towela anakana. Anakankhira Ba Katongo kuwindo, iwo n'kukhala chakukhomo, atagwira mkono wa jekete lija. Sanausiye mpaka geti ya chipatala itatsala kumbuyo.