Chipeso cha M'jekete la Abambo

Mbale ya galu inabwereranso yodzaza, ntchentche zitaunjikana pa nyama. Achimwene anaitula pakhonde mwaukali n'kunena kuti atopa kunyengerera galu ngati mwana wodwala. Linali tsiku lachisanu chiikireni abambo m'manda, ndipo chigalu chija chinali chisanalawe kanthu. Chinangogona chopingasa pachipata cha khola, cham'kati, nkhosa makumi atatu zikulira kumbuyo kwake.

Mzime ankachiyang'ana ali patali. Pakhomopo ankamutchabe Mzime chifukwa ndiye anabadwa pomaliza, ngakhale tsopano anali munthu wamkulu, telala wa m'tauni. Mbiri ya galuyo ankaidziwa bwino. Abambo anabwera naye ali kamwana zaka khumi zapitazo, n'kukamuika pakati pa ana a nkhosa kuti akule akudziyesa nkhosa. Anakuladi, msinkhu ngati thole, mutu ngati ndowa, ubweya woyera wolendewera. Kuyambira pamenepo fisi kapena wakuba sanatengepo nkhosa ndi imodzi yomwe.

Koma galuyo anali ndi malamulo ake, ndipo malamulo a abambo sankapindika. Sapatsidwa dzina, salowa m'nyumba, sasisitidwa. Ankati galu wa nkhosa ukamusisita amaiwala nkhosa n'kuyamba kulondera iwe. Tsiku lina Mzime atanyamula kagaluko, abambo anamumenya dzanja anthu akuona. Ana awonso anawalera chimodzimodzi, kuwadyetsa, kuwaveka, koma osawagwira ngakhale paphewa. Chaka chomwecho Mzime analongedza chikwama n'kupita, ndipo abambo sanamuperekeze ngakhale kufika pamsewu. Pa maliro analira, inde, koma ankalira ndi mkwiyo.

Tsopano nkhosazo achimwene anali atazigulitsa. Palibe akanawadzudzula: iwo ntchito yawo inali ya muofesi kutali, amayi mawondo anali atatha. Lole inabwera dzulo lake, koma wonyamula katundu atangogwira chipata, chigalucho chinamung'amba mkono. Dalaivala ananenetsa kuti sabweranso galuyo akadali moyo. M'kholamo udzu ankangouponya podumphitsa mpanda, ndipo kamwana ka nkhosa kamodzi kanali katafa kale, kakununkha pakona.

Dokotala wa ziweto anafika chakumasana pa njinga yamoto. Anaima pampanda nthawi yaitali, kenako anafotokoza mosabisa. Galuyo anali wokalamba, chiuno chitatha, ndipo agalu a mtundu umenewu ukawalanda nkhosa zawo sakhalitsa. Jakisoni womupha mosamva ululu analipo, koma pankafunika munthu woti amugoneke n'kumugwira kuti asagwedezeke. Apo ayi, panatsala mfuti basi. Achimwene anati mnansi wawo ali nayo.

"Ndimutenga ine," anatero Mzime, mawu atangomupulumuka.

"Ukamuika pati? Pansi pa makina ako osokera?" anafunsa achimwene. "Kachipinda kako kaja iweyo ukagona mapazi amagunda chitseko. Galuyu amadya kuposa ine. Usandisandutse mfiti, mlongo wanga, mutu ukakula sulewa nkhonya. Ukuganiza kuti ineyo zikundikoma?"

Mzime anadziwa kuti zinali zoona. Chimene sankafuna n'chakuti galu amene wagona pamphepo zaka khumi alipidwe ndi chipolopolo, nkhosa zake zikuona. Koma woti n'kumugwira anali m'manda.

Amayi, amene masiku onsewa ankangokhala duu pampando, anadzuka movutikira n'kulowa kuchipinda. Anatuluka ndi jekete la abambo, lakuda, lothetheka m'zigongono, lonunkha nkhosa ndi mankhwala a nkhupakupa.

"Vala ili," anatero. "Galuyo usakamuyang'ane m'maso. Ukangolowa, ukakhale pa mwala uli kuseri kwa chomwera madzi. Zinazo azichita yekha."

Jeketelo linamufika m'mawondo. Mzime anatsegula chipata. Chigalucho chinadzuka, kuyamba miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikutsatira monyinyirika, n'kubangula chapansipansi. Mzime anayenda maso ali pansi, kudutsa pakati pa nkhosa, ndowe zikumata nsapato, mpaka anakapeza mwala uja. Unali wosalala pamwamba chifukwa chokhalidwa. Atakhala anazindikira kuti pamenepo munthu saoneka kuchokera kunyumba.

Kubangula kunasiya. Anamva mpweya wotentha pakhosi, kenako mphuno yonyowa ikununkhiza kolala, mkono, mpaka thumba lakumanja. Galuyo analowetsa mphuno m'thumbamo, kukankha, kukankhanso, ngati mwana wofuna switi. Mzime anapisamo dzanja akuganiza kuti muli chakudya.

Munali chipeso. Chofiira, chapulasitiki, mano awiri apakati atathyoka, ubweya woyera utapiringizika m'mano otsalawo. Anachizindikira nthawi yomweyo. Chinali chake, chimene anachifunafuna m'nyumba monse m'mawa umene ankachoka, abambo atakhala pakhonde osanena kanthu.

Galuyo atangochiona anadzigwetsa pansi, n'kutsamiritsa mutu wake wolemera pamiyendo ya Mzime, khutu lili m'mwamba kudikira. Mzime anayamba kupesa kuseri kwa khutulo. Chipeso chinkangoyenda chosakodwa. Pathupi lonse lalikululo panalibe mfundo ya ubweya, panalibe nkhupakupa, ndipo aliyense wosunga galu waubweya amadziwa kuti zimenezo sizichitika zokha. Chisoni chinamugwira, chisoni chenicheni tsopano, chimene chinamukana pa maliro.

Dokotala analowa monyang'ama n'kugwada kumbuyo kwa galuyo. Anayang'ana Mzime, Mzime anavomera ndi mutu osasiya kupesa. Jakisoni woyamba galuyo anangonjenjemera pang'ono. Wachiwiri sanaumve n'komwe. Nkhosa zinayandikira n'kuima mozungulira, zina zikumununkhiza mapazi. Mutu uja unapitirira kulemera mpaka miyendo ya Mzime inachita dzanzi.

Achimwene anali atapita kuseri kwa nyumba, foni ili kukhutu, kuitana lole ndi mawu osasa. Amayi anafika pampanda atatsamira ndodo.

"M'mawa uliwonse, zaka zonsezi," anatero. "Abambo ako ankaganiza kuti sindidziwa. Ndinkamva akumuyankhula."

"Ankamuuza chiyani?"

"Ankamufunsa ngati wadya. Ankamutcha Mzime."

Dokotala anatola zida zake n'kutuluka, chipata n'kuchisiya chotsegula, koma palibe nkhosa imene inasuntha. Mzime anachotsa ubweya m'mano a chipeso chija, n'kuutembenuza mutu uja pang'onopang'ono. Khutu linalo linali lisanapesedwe.