Mafayilo Asanu ndi Anayi

"Tenga, ndanena kale. Tenga kompyutayo, tenganso mpando wake, ukafuna uzule ndi mawaya omwe m'khomamo."

"Bron, sindinati ndikutenga lero. Ndangofunsa."

"Wafunsa chikwama utatsegula kale. Ine sindikufuna kanthu m'nyumba muno, Fergus. Wamva? Olo kasupuni."

Bronwyn anali chiimire pakhomo la kachipinda ka bambo awo, m'manja muli mbale ya mapayi, timikate ta nyama m'kati, imene anthu oyandikana nawo anasiya pakhonde. Bambo Ross Pybus anamwalira Lolemba m'mawa, maliro anali Lachisanu, ndipo masana a Lachitatu ana awo awiri anali kukanganirana kompyuta yakale yomwe mabatani ake ena anafufutika zilembo. Kunja mphepo yotsika m'phiri inkagwedeza zingwe zoyanikapo zovala, mzinda wonse wa Hobart uli zii m'kamvula kowaza.

Mkanganowo unayamba ndi nthabwala. Bambo awo anagwira ntchito yosamala makompyuta pa kampani ina ya zombo kwa zaka makumi atatu, ndipo anali ndi chizolowezi chimodzi chosaphonya: tsiku lililonse ankalemba kafayilo kamodzi, dzina lake n'kukhala deti la tsikulo. Kompyuta ikakalamba ankasamutsira mafayilowo mu ina. Tsopano analipo zikwi khumi ndi zisanu. Fergus, mng'onoyo pakubadwa, yemwe anatengera ntchito ya bambo ake n'kukakhazikika ku Melbourne kutsidya kwa nyanja, anatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo kuti afufuze nyimbo imene bambo ankafuna pamaliro awo. Lamulo lake linali grep: ukalipatsa liwu, limalowa m'fayilo iliyonse n'kukutulutsira mizere yonse yomwe muli liwulo. Nyimboyo anaipeza tiyi asanazizire. Kenako, akuseka, anati, "Tiye tione amene ankakondedwa." Analemba dzina lake, n'kulamula kuti mafayilo awerengedwe. Zikwi zitatu ndi mazana anayi. Analemba la mlongo wake.

Asanu ndi anayi.

Kuyambira pamenepo nambalayo sinamuchoke Bronwyn m'mutu. Asanu ndi anayi! Iye amene anasiya nyumba yake ya ku Glenorchy n'kubwerera kuno bambo atachita sitiroko. Iye amene kwa zaka ziwiri ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwadulira nyama tizidutswa. Ndipo chomwe ankamva m'kamwa mwawo chinali chiyani? Madzi azizira. Tiyi wachuluka mkaka. Ndi funso lija la tsiku ndi tsiku, lofunsidwa maso ali pawindo: Fergus waimba?

"Ndayesa njira zonse," Fergus anatero, akudzikanda m'khosi. "Ndaliuza kuti lisasamale za zilembo zazikulu kapena zazing'ono. Ndayesa Bron, ndayesa Bronnie. Mwina anali ndi dzina lina lokuitanira."

"Anali nalo. Ankati 'kodi muli munthu m'nyumba muno?'"

"Usatero, iwe."

"Ndiwerengere asanu ndi anayiwo."

"Bron..."

"Werenga, katswiri. Si ndiwe mwana wa nyumba ino?"

Fergus anawerenga motsitsa mawu. Woyamba unali mzere wonena kuti dzinalo lalembetsedwa ku boma. Wina unali wa fomu ya sukulu. Wina unati pa fomu ya kuchipatala alembapo Bronwyn Pybus ngati munthu woimbiridwa zinthu zikavuta. Onse anali otero, mayina a pamapepala.

"Waona?" Bronwyn anaika mbale ija pa desiki mwamphamvu, payi imodzi n'kugubuduka. "Iwe uli ndi mano ako oyamba m'menemo, mpira wako, chibwenzi chako cha tsitsi lofiira chija. Ine ndine nambala ya foni."

"Ine ndinkangobwera pa Khirisimasi. Ukuganiza kuti sizikundichititsa manyazi?"

"Manyazi a mafayilo zikwi zitatu. Ndibwerekeko tsiku limodzi."

Fergus anatembenukira ku kompyuta n'kuyamba kudina batani la muvi woloza m'mwamba, lomwe limabweza malamulo amene munthu walemba kale, kuti apeze loyamba lija aliyesenso mwina. Koma mkwiyo unamufulumizitsa. Anadina kasanu, kasanu ndi kamodzi, kupitirira malamulo ake onse, mpaka pamzere panaoneka lamulo lomwe iye sanalembe.

Anachotsa dzanja ngati wagwira mbaula.

"Ili si langa," anatero. "Ndi la adadi. Lomaliza lomwe analemba."

Bronwyn sanafune kuyandikira, koma mapazi anamutengera okha. Anakumbukira bambo Lamlungu masana atakhala pampando womwewu, bulangete pamaondo, akudina ndi chala chimodzi cha dzanja lamanzere, lomwe sitiroko inawasiyira. Lamulolo linali lalifupi. Linkafufuza liwu limodzi m'mafayilo onse: zikomo.

"Adadi?" Bronwyn anaseka kuseka kowawa. "Liwu limenelo ankalidziwa?"

Fergus anadina batani lalikulu lotumizira lamulolo. Mizere inakhuthuka pa sikirini ngati mvula ya matalala, uliwonse uli ndi deti lake kutsogolo, mpaka inaima pa ya miyezi yomalizayi. Bambo ankalemba ndi zilembo zazing'ono zokhazokha.

zikomo, wandimeta ndevu osandicheka. ndinati madzi azizira koma sanali ozizira.

zikomo podikira m'galimoto maola awiri kunja kwa chipatala. ndinakuona pawindo ukudya apulo ngati wakwiyira apuloyo.

zikomo. tiyi anali bwinobwino. sindikudziwa chimene ndinamubwezera.

"Ankalembera amami," Fergus ananong'ona. "Mwina chimwalirireni amami ankalankhula nawo m'menemu."

"Amami anatisiya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo," Bronwyn anatero pang'onopang'ono. "Ona detilo. Mwezi watha. Amami anabwera kudzameta ndevu mwezi watha?"

Apulo uja ankamukumbukira. Linali tsiku lomwe bambo anamukaniza kulowa nawo kwa dokotala, ati si mwana wakhanda.

Fergus anamuyang'ana, n'kuyang'ananso sikirini. Kenako zala zake zinathamanga. Anaitanitsa fayilo yakale kwambiri pa onse, ya pamwamba penipeni pa mndandanda. Deti lake Bronwyn ankalilemba pa fomu iliyonse ya moyo wake: tsiku lake lobadwa. Munali mizere iwiri yokha.

wafika lero m'mawa, tsitsi lili njoo ngati kamwana ka bakha. sukudziwa kanthu za dzikoli, ndiye ndiyamba kukuuza pang'onopang'ono.

M'kachipindamo munangomveka kulira kwa kompyuta yokalambayo. Pawindo timadontho tinkatsetsereka, kukumana, n'kutsikira limodzi.

"Ndine chitsiru," Fergus anatero. "Ndinafunsa funso lolakwika, lamulolo n'kundiyankha molondola. Munthu sutchula dzina la amene ukulankhula naye, Bron. Umangoti iwe." Anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera m'mphuno. "Zaka makumi anayi ndi chimodzi akucheza ndi iwe. Ine ndinali nkhani chabe. Ngati nyengo, ngati mitengo ya petulo."

"Usayambe."

"Ayi, ndiyamba. Iwe wachita nsanje kuyambira m'mawa, ndisiyireko mphindi zisanu." Anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. "Ine ndinkaganiza kuti ndi ine amene ndinkamvana nawo. Tinkatha ola lathunthu pafoni tikukamba za makina. Sanandiuzepo kuti ndili ngati kamwana ka bakha."

"Iwe unabadwa ndi dazi."

"Ngakhale zimenezo akanandiuza."

Bronwyn anakoka kampando kopondapo n'kukhala pambali pake. Mtima wake unali usanavomere. Nanga funso lija loti Fergus waimba? Anamuuza Fergus kuti atsegule fayilo ina iliyonse ya chaka chino momwe muli dzina lake, yathunthu, osati mzere umodzi. Fergus anasankha ya mu Epulo.

fergus waimba lero. unatuluka m'chipinda n'kukamenyetsa mapoto, ndinamva. iye ndimamufunsa chifukwa ali kutsidya kwa nyanja. iwe sindikufunsa chifukwa ndimamva mapazi ako m'khonde, ndipo ndikawamva ndimagona.

Bronwyn anagwira pakamwa. Mapoto aja anawamenyetsadi, mpaka chivundikiro china chinapindika.

"Yatsala ya Lamlungu," Fergus anatero. "Yomaliza. Nditsegule?"

Bronwyn anagwedeza mutu kuvomera.

ndawerengetsa. zikomo ndalemba m'mafayilo mazana asanu ndi limodzi ndi khumi ndi awiri. pakamwa sindikukumbukira ngakhale kamodzi. makina akasunga uthenga osautumiza timati ndi owonongeka. mawa ukabweretsa tiyi ndinena.

Mawa lakelo linali Lolemba. Bronwyn analowa ndi tiyi monga mwa masiku onse, n'kupeza bambo ali maso koma mpweya ukuvuta. Anaika kapu pansi kuti aimbire ambulansi. Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda popanda mawu. Kenako anatukula chala chawo chimodzi chija n'kumudina kuseri kwa dzanja, kamodzi kokha, mwamphamvu. Masiku atatu onsewa iye ankaganiza kuti ankamukankha, kuti achoke, afulumire, asangoima ngati mtengo. Tsopano anayang'ana batani lalikulu la kumanja kwa kiyibodi, lomwe munthu amadina akamaliza mzere kuti upite. Linali losalala, lonyezimira, pakati pake patakumbika kadzenje kokwana nsonga ya chala.

Anaikamo chala chake osadina. Chinakwana.

Fergus anawerama n'kutola payi ija pansi, n'kuipemerera, n'kuiluma. Kenako anakankha chikwama chake ndi phazi, chikwamacho n'kulowa kunsi kwa desiki.

"Paja unati sukufuna kanthu m'nyumba muno," anatero, kukamwa kuli kodzaza. "Olo kasupuni."

"Masupuni tenga onse."

"Nanga?"

Bronwyn anapuma mozama. Mawuwo anatuluka okhakhala, ngati a munthu amene wakhala nthawi yaitali osapempha kanthu kwa wina aliyense.

"Kompyutayi sikupita ku Melbourne. Ndikuifuna, Ferg. Ndikufuna ndiwerenge onse, kuyambira pa kamwana ka bakha, imodzi patsiku monga ankalembera. Sendera uko, undionetse podina."